Mbewu Zofiirira, Khungu la Munthu ndi Dzuwa: Zimene Tinganene ndi Zimene Sitiyenera Kulonjeza

M'zaka zaposachedwapa mashelefu a ogulitsa mbewu m'chigawo chathu asintha maonekedwe. Pambali pa chimanga choyera chimene tidazolowera pali chimanga cha mtundu wa olenji, ndipo alimi ochulukitsa mbewu akugulitsanso kholowa wa mbatata yofiira m'kati. Mbewu zimenezi zabwera ndi mawu atsopano, ndipo amene akumveka kwambiri ndi akuti antioxidant. Mawuwa akupezeka pa zikwangwani, pa mabotolo a mapiritsi ndi m'mauthenga a pa WhatsApp, ndipo kawirikawiri amatsagana ndi malonjezo akuti chakudya chakutichakuti chimayeretsa khungu, chimaliteteza ku dzuwa kapena chimaletsa khansa.

Mlimi akafunsa pa kauntala ngati zimenezi n'zoona, yankho la wogulitsa limalemera, chifukwa amene wamugulitsa mbewu yomera bwino amamukhulupiriranso pa zina. Pakati pa ogula athu ndi antchito athu pali anthu achialubino, amene kwa iwo yankho lolakwika lingatanthauze chilonda chosapola. Phunziro lino likufotokoza mmene khungu limapangira mtundu wake, pamene michere ya m'zakudya imakhudzapo, ndi zimene kafukufuku adapeza pa nkhani ya khansa ya pakhungu. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: mbewu zathu zopatsa thanzi zili ndi phindu lenileni, koma phindulo silikulowa m'malo mwa chipewa, mthunzi ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa.

1. Kodi antioxidant n'chiyani?

Khasu likasiyidwa pa mvula limachita dzimbiri. Nsinjiro zikakhalitsa zimayamba kununkha ndi kuwawa. Mbewu ya soya kapena ya mtedza ikasungidwa pamalo otentha ndi achinyezi imasiya kumera msanga kuposa ya chimanga. M'zonsezi muli dzanja la mpweya wa okosijeni, umene umapatsa moyo komanso umadya zinthu pang'onopang'ono. M'maselo a chamoyo chilichonse mumapangika tizidutswa ta okosijeni tosakhazikika, timene timawononga mafuta, mapuloteni ndi DNA, imene imasunga malangizo a chibadwa. Antioxidant ndi chinthu chilichonse chimene chimagwira tizidutswa timeneti tisanawononge. Zina thupi limadzipangira lokha, monga glutathione. Zina timazipeza m'zakudya: vitamini C wa m'malambe, magwafa ndi mandimu, vitamini E wa mu mtedza ndi mpendadzuwa, ndi gulu la ma carotenoid, amene amapereka mtundu wachikasu, wa olenji ndi wofiira ku maungu, mango, tomato ndi mbatata. Palinso mchere wa selenium, umene thupi limagwiritsa ntchito pomanga zida zake zodzitetezera.

Zomera zimadalira chitetezo chimenechi kuti zikhale padzuwa tsiku lonse. Ogulitsa mankhwala opha udzu amadziwa zimene mesotrione amachita m'munda wa chimanga. Mankhwalawa amalepheretsa udzu kupanga ma carotenoid, ndipo masamba akataya chitetezocho dzuwa limawononga zobiriwira zake, udzu n'kuyera mbee, kenako n'kuuma. Poona zimenezi, n'kosavuta kuganiza kuti zimene zimateteza tsamba zingatetezenso khungu la munthu wodya tsambalo. Asayansi nawonso adaganiza choncho, ndipo adakayesa. Tisanafike pa zimene adapeza, tiyeni timvetse khungu.

2. Mmene khungu limapangira mtundu wake

Kunsi kwa gawo lapamwamba la khungu kuli maselo otchedwa melanocyte, amene ntchito yawo ndi kupanga utoto wachilengedwe wotchedwa melanini. Anthu a mitundu yonse ali ndi maselo amenewa ochuluka mofanana ndithu. Kusiyana kwa khungu kumabwera chifukwa cha kuchuluka kwa melanini amene maselowo amapanga, ndi mtundu wake. Melanini akapangidwa amaperekedwa ku maselo oyandikana nawo, ndipo amakaunjikana pamwamba pa phata la selo ngati kaambulera kophimba DNA.

Chopangira melanini ndi tyrosine, chimodzi mwa tizigawo timene timapanga mapuloteni. Mmisiri wake ndi puloteni wina wotchedwa tyrosinase, amene sangagwire ntchito popanda mchere wa kopa. Mmisiri wofanana naye ali m'zomera, ndipo ndi amene amadetsa mbatata ya kachewere, nthochi kapena peyala zikadulidwa n'kusiyidwa pa mphepo. Mukathira madzi a mandimu pa chipatso chodulidwacho, kudako kumachedwa, mwa zina chifukwa vitamini C amabweza m'mbuyo gawo loyamba la ntchitoyo.

Melanini alipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi eumelanin, wakuda kapena wodera, amene amameza cheza cha dzuwa bwino kwambiri. Wachiwiri ndi pheomelanin, wofiirira kapena wachikasu, amene amateteza pang'ono ndipo angathe kuwonjezera tizidutswa towononga tija. Mu 2012 gulu la David Fisher ku Massachusetts General Hospital, ku America, lidasonyeza kuti mbewa za ubweya wofiira zokhala ndi chibadwa chokonda khansa zinkadwala khansa ya melanoma ngakhale zisanaikidwe pa cheza cha dzuwa, ndipo gwero lake lidali pheomelanin yemweyo.

Cheza cha dzuwa chimene chimavulaza khungu sichioneka ndi maso, ndipo chimatchedwa UV. Chigawo cha UVB chimapsereza khungu ndi kuthyola DNA mwachindunji. Chigawo cha UVA chimalowa mozama n'kuchulukitsa tizidutswa ta okosijeni. Thupi limakonza zowonongekazo tsiku ndi tsiku, koma zolakwika zina zimatsalira n'kumaunjikana kwa zaka, mpaka selo lina limayamba kuswana mosalamulirika. Apa tione bwino: antioxidant angathandize pa njira yachiwiri yokha. Cheza chimene chagunda DNA mwachindunji sichimuyembekeza.

3. Pamene chakudya chimakhudza mtundu wa khungu

Kuperewera kwa michere kumasintha mtundu wa khungu ndi tsitsi. Ng'ombe yakuda yosowa kopa ubweya wake umafiira kapena kutuwa, chifukwa tyrosinase wafooka. Mwana wodwala matenda otupikana chifukwa cha kusowa zakudya m'thupi tsitsi lake limafiirira n'kukhala lonyozoloka. Michereyo ikabwerera, mtundu umabwereranso pamene chibadwa chidauika, ndipo umaima pomwepo. Alimi a mbewu lamuloli timalidziwa: feteleza amafikitsa mbewu pa mlingo wa mtundu wake, koma matumba owonjezera sasandutsa mbewu yocha msanga kukhala yokhalitsa.

Munthu akamadya maungu, mapapaya kapena mbatata yofiira yambiri tsiku lililonse, zikhatho ndi kunsi kwa mapazi zimatha kuoneka zachikasu. Ameneyo si melanini, koma beta-carotene amene wakhala m'mafuta ndi m'gawo lakunja la khungu. Zimenezi sizivulaza ndipo zimatha zokha. Zimasiyana ndi matenda a chikasu chifukwa choyera cha m'maso sichisintha. Maso akachita chikasu, munthuyo apite kuchipatala.

Vitamini C ndi glutathione zimatha kuchepetsa kupangidwa kwa melanini wakuda zikayesedwa pa maselo m'chipinda chofufuzira, ndipo pamenepa m'pamene malonda a mapiritsi ndi majakisoni oyeretsa khungu adamerera. Kudya malambe kapena malalanje sikuyeretsa munthu. Ndipo mankhwala alionse amene angachepetsedi eumelanin ndiye kuti akuchotsa kaambulera kaja. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena ma steroid, zimene zimawononga khungu ndipo zina zimafika mpaka ku impso. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990.

4. Zimene kafukufuku adapeza pa khansa

Chitetezo chochepa chochokera m'zakudya chilipo. Mu 2001 ofufuza ku Germany adapatsa anthu magalamu 40 a phala la tomato tsiku lililonse pamodzi ndi mafuta pang'ono, ndipo patatha masabata 10 kufiira kwa khungu lawo likaikidwa pa UV kudali kotsika ndi 40 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Chitetezo chotere chimabwera mochedwa, n'chaching'ono poyerekeza ndi cha mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo chimene adayeza chidali kupsa kwa khungu, osati khansa.

Pamene khansa yeniyeniyo idawerengedwa, zotsatira zidakhala zina. Mu 1990 ku America kudatuluka zotsatira za anthu 1,805 amene adadwalapo kale khansa ya pakhungu. Theka la iwo linkamwa mamiligalamu 50 a beta-carotene tsiku lililonse kwa zaka zofika zisanu, koma khansa zatsopano sizidachepe. Ku Nambour, m'chigawo cha Queensland ku Australia, anthu 1,621 adatsatiridwa kuyambira 1992 mpaka 1996. Mapiritsi a beta-carotene sadathandize. Koma mwa amene ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, zotupa za khansa ya squamous cell zidachepa ndi pafupifupi 40 peresenti. Atawatsatira kwa zaka zina khumi, odwala melanoma adali 11 m'gulu lodzola tsiku lililonse ndi 22 m'gulu linalo. Kafukufuku mmodzi yemweyo adayesa piritsi ndi chotchinga, ndipo chotchinga n'chimene chidagwira ntchito.

Nthawi zina mapiritsi adavulaza. Ku Finland, pakati pa amuna osuta fodya oposa 29,000, amene ankamwa beta-carotene adadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 peresenti, malinga ndi zotsatira za mu 1994. Ku America, mwa anthu 1,312 amene adadwalapo khansa ya pakhungu, omwa selenium adadwala khansa ya squamous cell mochuluka ndi 25 peresenti. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Gothenburg ku Sweden adapeza kuti antioxidant wina adafulumizitsa kufalikira kwa melanoma m'matupi a mbewa. Chifukwa chake n'chomveka: selo la khansa nalonso limazunzika ndi okosijeni, ndipo chitetezo chochuluka chimalithandiza monga feteleza amathandizira kaufiti ndi chimanga chomwe mosasankha.

Pali mchere umodzi umene udaonetsa phindu. Mu 2015 ku Sydney, anthu 386 amene adadwalapo khansa ya pakhungu kangapo adayesedwa ndi nicotinamide, mtundu wa vitamini B3, mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku. Patatha chaka, khansa zatsopano zosakhala melanoma zidali zochepa ndi 23 peresenti. Ntchito yake ndi kupatsa maselo mphamvu zokonzera DNA. Phindulo lidazimirira atasiya kumwa, ndipo kafukufuku wa mu 2023 pa anthu oikidwa ziwalo za ena sadalipeze. Amenewa ndi mankhwala operekedwa ndi dokotala kwa wodwala amene wamuyeza.

Zovuta zonsezi zidaoneka pa mapiritsi a mlingo waukulu. Beta-carotene wa mu nsima ya chimanga cha olenji kapena mu mbatata ndi wochepa poyerekeza ndi wa m'mapiritsiwo, ndipo thupi limamusandutsa vitamini A malinga ndi kusowa kwake. Palibe chifukwa choopera chakudyacho.

5. Ndani ali pachiopsezo m'minda yathu?

Bungwe la World Health Organization pamodzi ndi la International Labour Organization adalengeza mu 2023 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 19,000 adamwalira ndi khansa ya pakhungu yosakhala melanoma chifukwa chogwira ntchito padzuwa. Ulimi wa mbewu ndi ntchito ya padzuwa. Ku Lilongwe ndi ku Chipata dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndiponso chapakati pa Febuluwale, nyengo zokonza minda ndi zochotsa ngayaye pa mizere yaikazi ya chimanga cha haibulidi. Mitambo yopepuka ya m'dzinja imachepetsa kutentha, koma cheza chambiri cha UV chimadutsabe.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi anthu achialubino. Kalembera wa mu 2018 ku Malawi adapeza anthu achialubino 134,636. Chialubino ndi chibadwa basi, ndipo ife odziwa kukwatitsa mbewu tiyenera kukhala oyamba kuchifotokoza. Bambo ndi mayi onse awiri akakhala kuti adasunga chibadwachi mobisika, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Si temberero, sichipatsirana, ndipo sichibwera chifukwa cha zimene mayi adadya kapena sadadye. Maselo opanga melanini alipo, koma malangizo a kapangidwe kake ndi amene ali osiyana, choncho palibe chakudya chimene chingadetse khungulo. Khansa imene imawagwira kwambiri ndi ya squamous cell, ndipo imakonda nkhope, makutu, milomo, khosi ndi manja. Ambiri imawapeza akadali achinyamata. Imayamba ngati timabala tokhakhala kapena kachilonda kosapola, ndipo ikapezeka msanga imachotsedwa mosavuta.

Anthu a khungu lakuda amatetezedwa kwambiri ndi eumelanin, komabe khansa ya pakhungu imawagwira. Melanoma mwa iwo imakonda kunsi kwa phazi, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni. Woimba wa ku Jamaica Bob Marley adamwalira mu 1981 ndi melanoma imene idayambira pa chala cha kuphazi. Khansa ya squamous cell imathanso kumera pa chipsera chakale cha moto kapena pa chilonda cha pamwendo chimene chakhala zaka. Mlimi woyenda wopanda nsapato amaganiza kuti banga lakuda la kuphazi ndi minga kapena chopunthwa, ndipo amafika kuchipatala mochedwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

6. Phindu lenileni la mbewu zathu

Tikachotsa malonjezo opanda umboni, zotsala n'zokwanira kugulitsira mbewu. Dziko la Zambia lidatulutsa mitundu yake yoyamba itatu ya chimanga cha olenji mu 2012, GV662A, GV664A ndi GV665A, mogwirizana ndi CIMMYT ndi HarvestPlus, ndipo Malawi ndi Zimbabwe adatsatira. Chimangachi n'chosiyana ndi chachikasu chimene ambiri amachikumbukira pa nthawi ya njala, chifukwa chidasankhidwa kuti chikhale ndi ma carotenoid amene thupi limawasandutsa vitamini A. Ku Malawi kuli mbatata zofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Mathuthu, Kaphulira ndi Anaakwanire. Magalamu 125 a mbatata yotere amakwaniritsa vitamini A amene mwana wamng'ono amafunika pa tsiku. Mu 2016 mphoto ya World Food Prize idapita kwa Maria Andrade, Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis chifukwa cha ntchito ya mbewu zoterezi. Vitamini A amathandiza maso kuona kukada, amalimbitsa chitetezo cha thupi ku matenda monga chikuku ndi kutsegula m'mimba, ndipo amathandiza ana kukula. Izi tingazinene mosaopa.

Mbewu za nyemba nazonso zili ndi gawo pa khungu. Munthu wodalira nsima yokha amasowa vitamini B3, n'kudwala pelagra, matenda amene amadetsa ndi kung'amba khungu pamalo owombedwa ndi dzuwa monga khosi, manja ndi mapazi. Mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique adadwala pelagra m'misasa ya ku Malawi, mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira. Wogulitsa amene amalimbikitsa mlimi kusiya mizere ina ya mtedza, nyemba ndi soya akuteteza khungu la banjalo m'njira imene umboni wake ulipo.

Ogula tiwauzenso za kasungidwe. Ma carotenoid amawonongeka ndi mpweya, kutentha ndi kuwala, ndipo chimanga cha olenji chimataya gawo lalikulu la iwo m'miyezi yoyambirira chikakololedwa. Matumba osalowa mpweya, malo ozizira ndi amdima, ndi kugayitsa ufa wochepa nthawi imodzi zimachepetsa kutayako. Thupi limayamwa bwino beta-carotene pakakhala mafuta pang'ono, kotero futali ndi ndiwo zotendera za bonongwe kapena nkhwani ndi kaphikidwe koyenera kale.

7. Zoyenera kuchita

Pa kauntala, tinene zimene mbewu imachita ndipo tilekere pomwepo. Pa zikwangwani, m'mauthenga a pa wailesi ndi pa masiku achionetsero cha kumunda tisalembe kapena kunena kuti mbewu imateteza ku khansa, imatchinga dzuwa kapena imasintha khungu. Wogula akationetsa chilonda kapena banga, timutumize kuchipatala. Shopu ya mbewu si malo oyezera matenda.

Kumunda, akuluakulu adati mankhwala a utsi ndi kuthawa. Ntchito ya pamtetete iyambe m'mamawa, ndipo ichepe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Chizindikiro chosavuta n'chakuti chithunzithunzi cha munthu chikafupika kuposa msinkhu wake, dzuwa lafika poopsa. Pakhale chisakasa chopumira pafupi ndi munda. Chipewa chakhonde chophimba makutu ndi khosi chimaposa kapusi, ndipo malaya a manja aatali a nsalu yothithikana amateteza tsiku lonse popanda kugula kawiri.

Wantchito wachialubino asachotsedwe ntchito chifukwa cha khungu lake. Apatsidwe ntchito za pamthunzi monga kusankha mbewu, kuyeza, kulongedza ndi kugulitsa, ndipo za pamtetete azigwire m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Afunika chipewa, magalasi otchinga UV, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, odzola pa nkhope, makutu, milomo, khosi ndi manja, n'kubwereza maola awiri alionse ndiponso akatuluka thukuta. Apatsidwe tsiku lopita kukayezetsa khungu popanda kudulidwa malipiro. Bungwe la Association of Persons with Albinism in Malawi, ndi la Standing Voice limene limayendetsa ntchito yoyeza khungu ku Malawi ndi ku Tanzania, angathandize kudziwa kumene chithandizo chikupezeka.

Aliyense, wa khungu lililonse, apite kuchipatala akaona chilonda chimene chatha mwezi osapola, chotupa chotuluka magazi, banga limene likukula kapena kusintha mtundu, kapena mzere wakuda watsopano pansi pa chikhadabo.

Malonda a mbewu amayenda pa chikhulupiriro. Mlimi amagula thumba losindikizidwa asanaone mmera ndi umodzi womwe, chifukwa amakhulupirira zolembedwa pa chizindikiro. Monga sitingalembe kuti mbewu imamera 90 peresenti tisanaiyeze, mawu athu onena za thanzi ayenera kudutsa pa sikelo yomweyo.

Mafunso okambirana ndi antchito anu

1. Kodi kuda kwa mbatata ya kachewere yodulidwa kukutiphunzitsa chiyani za kapangidwe ka melanini?
2. Kafukufuku wa ku Nambour adayesa zinthu ziwiri. N'chiti chidachepetsa khansa, ndipo n'chiti sichidathandize?
3. Mayi wa mwana wachialubino akafunsa ngati mbatata yofiira ingateteze mwana wake ku dzuwa, mungamuyankhe bwanji mwaulemu ndi moona?
4. Pa zikwangwani zimene zili m'shopu mwanu lero, pali mawu ena olonjeza zimene mbewu singachite?
5. Ndi ntchito ziti pa munda wanu zimene zingasunthidwe kuchoka masana kupita m'mamawa nyengo ikubwerayi?